Apongozi Anga ndi Galu Wodikira Sitima

Apongozi anga aamuna anagwira ntchito imodzi yokha moyo wawo wonse, ntchito yoimitsa anthu. Kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri ankakhala m'kanyumba ka malata pamalo pamene msewu umadumpha njanji. Sitima ikalira kutali, iwo ankavala chipewa, kutsitsa chitsulo chotsekera msewu, n'kuima chopingasa, mbendera yofiira ili m'manja. Sitima ikadutsa ankakweza chitsulocho, kuvula chipewa, n'kukhala pansi. Ntchito yake inali yomweyo. Amanyadira kuti pa zaka zonsezo palibe munthu, mbuzi kapena njinga imene inagundidwa pamalo pawo. Koma sitimayo sanaikwerepo n'kamodzi komwe. Mukawafunsa chifukwa chake amakuyang'anani ngati mwafunsa zachibwana.

"Ndikanakwera, akanatseka ndani?"

Chaka chilichonse ankalembera kalata mabwana awo kupempha munthu wowathandiza, kuti nawonso azipita kuchimbudzi mtima uli m'malo. Yankho silinabwere. Ndiye tsiku lina atatola kagalu konyowa m'mphepete mwa njanji, anakapukuta ndi jekete n'kukatcha Wachiwiri. Kagaluko kanakula n'kukhala chigalu chofiirira, cha khutu limodzi loimirira, lina logona. Apongozi samutchula kuti galu. Amati "mnzanga wa kuntchito", ndipo polankhula naye amamupatsa ulemu wonse: "A Wachiwiri, mwadzuka bwanji?"

Kenako pamalo paja anamangapo mlatho, magalimoto n'kuyamba kudutsa pamwamba. Apongozi analandira kalata yowathokoza. Mayi a amuna anga anali atamwalira kalekale, choncho tinawatenga kuti tizikhala nawo. Anabwera ndi sutikesi imodzi, chipewa chija, wenzulo wachitsulo womangidwa pa chingwe cha nsapato, ndi Wachiwiri. Mbendera anawalanda, akuti inali ya kampani.

Ife timakhala kuseri kwa nyumba yaikulu ya amayi eni malo, amene tonse timawatcha a Makiyi chifukwa cha mulu wa makiyi umene amamangirira m'chiuno. Umayamba wamva ngwelengwele, kenako kupuma, iwo n'kumaonekera pambuyo. Kuseriko kuli zipinda zisanu zondondozana, ndipo tonse timadalira kanjira kamodzi kopapatiza kopita kuchimbudzi, kubafa ndi kugeti. Pakati pa kanjirako pamadutsa ngalande yakale youma, yosaya, ya njerwa mizere iwiri. Imachokera pachitseko chakumbuyo cha a Makiyi n'kukathera kumpanda. Chitseko chimenecho sichinkatsegulidwa, anali atachitsekereza ndi kabati m'katimo. Akafuna kutiona ankazungulira kugeti.

Ndafotokoza za ngalandeyi chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo, ngakhale kuti ine zinanditengera miyezi itatu kuti ndizindikire.

Woyamba kulawa anali a Telala, a chipinda chachiwiri. M'mawa wina ndikuphika tiyi ndinamva akukuwa.

"Amake Phokoso! Tabwerani muone galu wa apongozi anuyu!"

Phokoso ndi mwana wanga wamkazi, dzina lenileni ali nalo koma palibe amene amalikumbukira. Ndinatuluka naye kumsana. A Telala anali chilili m'kanjira, kachidebe ka madzi m'manja, miyendo ataiphatikiza. Patsogolo pawo, m'mphepete mwa ngalande, Wachiwiri anali ataima chopingasa, mphuno kukhoma, mchira kukhoma linalo. Sankauwa. Sankaluma. Ankangoyang'ana kutali, kumpanda, ngati munthu amene akudikira basi. A Telala akasuntha phazi, iye ankangoti ngrrr, osawayang'ana n'komwe.

Apongozi nawo anali ataimirira pakhonde, chipewa chili kumutu.

"Achikulire, tamuitanani galu wanuyu," anatero a Telala. "Nkhani ili kunoyi si yodikira."

"Pirirani pang'ono. Ali pa ntchito."

"Ntchito yanji? Nanenso ndili ndi ntchito, ndipo yangayi yafika kale pakhomo!"

Tsiku limenelo a Telala anakwera mpanda n'kukapempha chimbudzi kwa aneba. Anang'amba buluku, mwayi wake amadzisokera okha.

Kuyambira pamenepo zinakhala za tsiku ndi tsiku. Galu wagona bwinobwino pamthunzi, mwadzidzidzi dzambatu, wathamangira pangalande, watseka. Nthawi zina mphindi zochepa, nthawi zina ola lathunthu. Amuna anga anachedwa kuntchito kawiri, ndipo abwana awo atamva kuti anaimitsidwa ndi galu anawafunsa ngati ayamba kumwa m'mawa. Mayi wina wa chipinda chakumapeto anatsekeredwa mbali ya kubafa ali ndi thaulo lokha mpaka sopo anamuumira m'makutu. Mpumulo wokha umene tinkapeza unali wakuti mwezi uliwonse Wachiwiri ankasowa masiku atatu kapena anayi, kutsatira agalu aakazi a kutsidya kwa msika. Ankabwerako atawonda, khutu logona lija litang'ambika. Apongozi ankati, "Anali pa tchuthi. Aliyense wogwira ntchito amayenera tchuthi."

Tinkapirira, poti ndi munthu wamkulu. Koma Lachitatu lina Wachiwiri anatsekereza a Makiyi.

Iwo anali atalowa kugeti kudzaona mpopi wodontha. Anafika pangalande n'kupeza msewu watsekedwa. Anakalipa, anagwedeza makiyi, anatchula dzina la malemu amuna awo amene anamanga malo amenewa ndi manja awo. Galu maso ali kumpanda. Ana a aneba anakwera pampanda kudzaonerera. A Makiyi ndi munthu amene nthawi zonse amadandaula kuti pamalo pawo pomwe palibe amene amawalemekeza: alendi amawapatsa moni ali chikhalire, ana amawadutsa kutsogolo, ngakhale nkhuku siziwapatuka. Ndiye kuimitsidwa ndi galu anthu akuona kunali ngati kuthira mchere pachilonda.

"Mverani nonse," anatero ali tsidya la galuyo. "Ndikupatsani mwezi umodzi. Loweruka lomaliza la mweziwu ndidzabwera. Ndikadzapeza galuyu akadali ndi khalidwe limeneli, achoke. Sindibwereza."

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, apongozi anatulutsa sutikesi yawo pansi pa bedi n'kuipukuta fumbi.

"Bambo, mukutani?" anafunsa amuna anga.

"Ndikukonzeka. A Wachiwiri akachotsedwa ntchito, ine sinditsala. Tibwerera kukanyumba kathu."

"Kanyumba kaja anakasasula denga! Mukagona pati? Mukadya chiyani?"

"Zipupa zilipo."

Ndinawayang'ana miyendo yawo, imene imatupa kukazizira, ndipo ndinadziwa kuti sakuopseza. Munthu ameneyu sanamepo. Akati apita, apita.

Nzeru inachokera kwa a Telala, amene amakhulupirira kuti vuto lililonse padziko limatha ndi sizasi.

"Galu ameneyu chikumuvuta ndi umuna," anatero, tepi ili m'khosi. "Magazi achuluka. Tambala amatani? Tonde amatani? Chilichonse chachimuna chimafuna kulamulira njira. Kamutheneni. Abwerako ali phee ngati pilo."

"Inuyo bwanji simulamulira njira?" anafunsa mayi wa thaulo uja.

"Ine ndinakwatira, mayi. N'chimodzimodzi."

Anthu onse anagwirizana nazo. Wogulitsa makala, lendi mnzathu, anati mchimwene wake anathena galu wolusa, pano amagona ndi amphaka. Amuna anga anati tiyese. Inenso ndinavomera, chifukwa ndinalibe nzeru ina. Apongozi anakana masiku awiri. Anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo munthu sumulanga chifukwa chogwira ntchito mokhulupirika. Koma tsiku lachitatu anadzuka n'kuvala jekete la kutchalitchi.

Adokotala a ziweto anali mayi wachitsikana, wamagalasi, wolankhula mosazungulira. Anamvetsera nkhani yonse, akusisita Wachiwiri pakhosi.

"Kuthena ndithena, ndipo n'kwabwino," anatero. "Asiya kuyendayenda kufuna akazi, ndewu ndi amuna anzake zichepa, mwina asiyanso kukodzera pakhoma lililonse. Koma izi zotseka njirazi sindikulonjezani. Ngati ndi zinthu zimene anaphunzira, sizikhala kumene ndikuduleko. Zimakhala kumutu, ndipo ine kumutu sindidulako. Alipo amene anamuphunzitsa?"

"Palibe," anayankha apongozi msangamsanga. "Ndi nzeru zobadwa nazo."

Amuna anga anandinong'oneza kuti madokotala onse amatero pofuna kudziteteza. Apongozi anawerama, anagwira dzanja la galu n'kunena kuti, "Pepani a Wachiwiri. Lamulo lachokera kumwamba." Pobwerera kunyumba ndinaona kuti amuna onse awiri, bambo ndi mwana wake, akuyenda motangadza miyendo, mwakachetechete, ngati opaleshoni yachitikira iwo.

Wachiwiri anabwera atavekedwa chipulasitiki m'khosi, chonga ndowa yobooka pansi, kuti asanyambite bala. Masiku awiri anagona osadzuka. A Telala ankayenda uku ndi uku m'kanjira popanda chifukwa, manja m'thumba, akuimba mluzu.

"Mwaona? Sizasi sinama."

Tsiku lachitatu ali mkati moimba mluzu womwewo, Wachiwiri anadzuka pang'onopang'ono, anayenda motsimphina mpaka pangalande, n'kutseka. Ndi chindowa chija, tsopano ngakhale mpata umene ana ankadutsira chokwawa unatsekeka.

Adokotala sananame. Galu anasiyadi kuyendayenda. Agalu aakazi ankabwera mpaka pageti, iye osatukula n'khutu lomwe. Koma tanthauzo lake linali lakuti tchuthi chija chinatha. Kale tinkapuma masiku anayi pamwezi, tsopano anali pa ntchito kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu. Anayambanso kunenepa, moti ataima chopingasa ankadzaza kanjira konse ngati thumba la simenti.

"Sanamalize," anatero a Telala. "Anasiyako kanthu. Kapena mphamvu zake zili kumchira. Tiyese mchira."

"Mukapitiriza kudula mutsala ndi chiyani?" ndinawafunsa. "Mutsala ndi mutu wokha, ndipo mutuwo udzagubuduka n'kukatseka njira."

Panali patatsala masiku khumi ndi awiri. Sutikesi ya apongozi inali itasuntha kuchoka pansi pa bedi kufika kuseri kwa chitseko.

Phokoso ali wakhanda ankatuluka tizilonda pakhungu. Anamwino anandiuza kuti ndisathamangire mankhwala, ndiziyamba ndaona chimene chachitika tizilondato tisanatuluke: wadya chiyani, wavala chiyani, ndamusambitsa ndi chiyani. Tinapeza kuti anali sopo. Ndiye ndinaganiza zochita chimodzimodzi ndi galuyu. Ndinasamutsira beseni langa la matewera pakhonde, n'kumachapa maso ali pa Wachiwiri.

Lolemba m'mawa anatseka pamene ketulo yanga inalira. Ndi ketulo ya mluzu, mphatso ya paukwati wathu. Masana anatseka pamene a Telala anayamba nyimbo yawo. Lachiwiri anatseka pamene wogulitsa makala ankaitana mnzake ndi likhweru, komanso pamene oimbira mpira anaimba wenzulo pawailesi ya aneba. Ndipo nthawi zonsezo, ndikacheuka, ndinkapeza apongozi nawonso aimirira, chipewa chili kumutu, osadziwa n'komwe kuti aimirira.

Chotsegulitsa njira n'chimene chinandivuta. Nthawi zambiri galuyo ankangotopa n'kuchoka ali wokhumudwa, mchira pansi. Koma Lachitatu khoswe wamkulu anathamanga m'ngalande kuchokera kuchitseko cha a Makiyi mpaka kumpanda. Ndinkayesa amuthamangitsa. Ayi. Anamuperekeza ndi maso mpaka atadutsa, kenako anapatuka, mchira ukupukusa, n'kupita kwa apongozi. Apongozi anavula chipewa, anapisa m'thumba n'kumupatsa kachidutswa ka buledi.

Ndinapukuta manja, n'kukakhala pansi pafupi ndi mpando wawo.

"Bambo, ndifunseko. Ku njanji kuja, sitima ikalira, Wachiwiri ankatani?"

"Ankandiperekeza. Ine kuima apa, iwo kuima apo."

"Nanga ikadutsa?"

"Ndinkawapatsa kabuledi. Munthu wagwira ntchito, asadye?"

"Kangati patsiku?"

"Sitima zinali zisanu ndi imodzi. Zaka zinayi."

"Bambo, ndiye kuti galuyu munamuphunzitsa ndinu."

"Ine? Amake Phokoso, mundilemekeze. Sindinamuphunzitsepo kanthu. Kuphunzitsa ndi kuja amati khala pansi, pereka dzanja. Ife tinkangogwira ntchito."

"Chabwino. Nanga akatseka chonchi, bwanji simumuitana kuti achoke? Inu angakumvereni."

Anandiyang'ana ndi mantha enieni. "Kutsegula sitima isanadutse? Mukufuna ndiphe anthu?"

"Bambo, pano palibe sitima."

Anatembenuza chipewa pamaondo. Phokoso anali akukoka chingwe cha nsapato yawo.

"Ndikudziwa," anatero pomaliza. "Koma iwo sakudziwa. Ndiwauza bwanji? Ine anachita kundilembera kalata, ndipo mpaka lero sindinaimvetse."

Ndinayamba ndi chapafupi. Ndinachotsa kachivindikiro ka mluzu pa ketulo. Ndinapempha a Telala kuti asiye kuimba mluzu. Anayesa tsiku limodzi, koma anati popanda mluzu mzere supita mowongoka, ndipo anasokerera thumba la shati kumsana. Wailesi ya aneba sindikanaizimitsa. Ndiye panali mbalame, njinga zopanda girisi, ana obwera kusukulu. Ndinazindikira kuti dziko lonse limaimba mluzu, timangokhala osalabadira.

Kenako ndinayesa kuphunzitsa apongozi. Ndinaganiza kuti iwo akapanda kuimirira, mwina galu naye sadzuka. Anavomera. Ndinawabisira chipewa, ndinawakhazika Phokoso pamiyendo kuti alemedwe, n'kubwezeretsa mluzu pa ketulo. Italira, anagwira mpando ndi manja onse awiri, thukuta kamukamu. Sanaimirire. Koma Wachiwiri anawayang'ana ngati munthu amene wapeza bwana wake ataledzera pa ntchito, n'kupita kukatseka yekha.

Pamenepo m'pamene ndinaganiza kuti, ngati khoswe anakwanitsa kukhala sitima, ine ndingalephere bwanji?

Ndinabwereka wilibala ya wogulitsa makala. Ndinadumpha nayo kampanda ka maluwa n'kukaiika kuchiyambi kwa ngalande, pafupi ndi chitseko chotsekedwa chija. Ndinamukweza Phokoso, ndinapemphera kuti pasakhale wondiona, n'kuyamba kukankha pakati pa mizere iwiri ya njerwa. Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma ndinapezeka ndikunena kuti chukuchuku, chukuchuku. Phokoso anakuwa, poti ndiye ntchito yake. Tinadutsa kutsogolo kwa mphuno ya Wachiwiri, tinafika kumpanda. Nditacheuka, njira inali yotsegula, galu akudya buledi, apongozi akupukuta m'maso ndi chipewa.

"Yafika pa nthawi yake," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala sitima. Kasanu ndi kawiri patsiku, nthawi zina kakhumi. Ndili mkati mophika ndimve, "Amake Phokoso, sitima! Ndapanikizika!" Ndili mkati moyamwitsa, "Sitima, mayi, ndichedwa kuntchito!" Amuna anga anakana kukankhako, anati iwo ndi munthu wodziwika, amagwira ntchito yovala yunifolomu. Koma tsiku lina ndili kubafa, ndinamva wilibala ikulira panja ndi mawu aakulu, amanyazi, akuti chukuchuku. Sindinawafunse, nawonso sananene.

Msana unkandipweteka, koma chinkandipweteka kwambiri n'chakuti ndinkadziwa kuti zimenezi sizikwanira. A Makiyi anati galu asiye khalidwe lake. Sananene kuti alendi ayambe misala yawo.

Loweruka lija litafika tinapangana kuti pakhale bata. Ketulo ndinaibisa m'katoni ya zovala. A Telala tinawapatsa mapini asanu kuti alume. Aneba anavomera kutsitsa wailesi. Wilibala ndinaiphimba ndi chiguduli. Tinkafuna kuti a Makiyi alowe kugeti, apeze galu wagona, ayendere mpopi wawo, atuluke. Amuna anga, mayi wa thaulo ndi wogulitsa makala anakaima chakugeti kuti awalandire. Ine, a Telala ndi apongozi tinatsala mbali ya zipinda. Apongozi anali atavala jekete, sutikesi ili pambali pa mpando, chingwe cha galu chili m'thumba.

Chimene sitinadziwe n'chakuti a Makiyi sankafuna kuchitanso manyazi pageti ana akuonerera. Anali ataitana anthu dzulo lake kuti asunthe kabati ija. Cha m'ma naini koloko tinamva makiyi kuseri kwa chitseko chakumbuyo. Loko anati khetye. Kenako chitseko chimene chinakhala zaka zambiri osatsegulidwa chinayamba kutseguka, mahinjesi ake adzimbiri akulira mokweza, motalika, mwakuthwa: kwiiiiii!

A Telala anatsala pang'ono kumeza mapini.

Wachiwiri anali kale pangalande. Sindinamuonepo ataima mowongoka chotero, ngakhale khutu logona lija linayesa kudzuka. Apongozi anali ataimirira, chipewa kumutu, dzanja atalitambasula kutsekereza ine ndi a Telala. Tsidya linalo amuna anga ndi anzawo anangoti kakasi, osasuntha. Ana pampanda anati zii.

A Makiyi anatsika sitepe. Njira yokhayo yochokera pachitsekocho ndi ngalande, ndiye anayamba kuyenda pakati pa njerwazo, pang'onopang'ono chifukwa cha maondo, makiyi ngwelengwele, mpweya fuu, fuu. Anayang'ana kumanja, anthu ali njo. Anayang'ana kumanzere, anthu ali njo. Palibe mwana amene anawadutsa kutsogolo. Wogulitsa makala, posowa chochita, anavula kapusi. Anadutsa pamaso pa galu, galuyo akuwaperekeza ndi maso, mpaka anakafika kumpanda.

Wachiwiri anapatuka. Apongozi anatsitsa dzanja, anavula chipewa, anapereka buledi.

A Makiyi anatembenuka. "Chachitika n'chiyani pano?"

Aliyense anayang'ana pansi. Ine kunama sindikutha, nkhope imandiulula. "Amayi," ndinatero, "galuyu akuyesa kuti ndinu sitima."

Ndinamva amuna anga akubuula tsidya lina. Nkhope ya a Makiyi inayamba kusintha mtundu.

"Sitima? Ine? Ukunena thupi langali, mtsikana iwe?"

Apongozi anayenda masitepe awiri, chipewa chili pachifuwa. Sankafuna kuwanyengerera. Ankangokonza cholakwika, monga munthu wodziwa ntchito yake.

"Amayi, si za thupi. Ine ndaima panjanji zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ndaimitsa madokotala, ndaimitsa maukwati, ndaimitsa mabwana a magalimoto aatali. Ngakhale maliro ndawaimitsa. Padziko pano pali chinthu chimodzi chokha chimene sichiimira munthu, koma aliyense amachiimira. A Wachiwiri satsegulira njira aliyense. Aona okha kuti pamalo pano woyenera kudutsa poyamba ndi ndani."

Ine ndinakumbukira khoswe uja, koma ndinatseka pakamwa.

A Makiyi anayang'ana galu, anayang'ana ngalande, anatiyang'ana tonse mmene tinaimira. Kenako anabwerera pang'onopang'ono mpaka pachitseko chawo, analowa, anatseka. Tinayang'anana. Apongozi anagwira chogwirira cha sutikesi.

Kwiiiiii!

"Tayambiraninso," anatero a Makiyi ali pasitepe. "Ulendo woyamba sindinaone bwino."

Anadutsa katatu m'mawa umenewo. Kachitatu anali atasintha nsapato, ndipo podutsa anatikwezera dzanja pang'ono. A Telala, amene chifukwa cha mantha anali atamwa makapu atatu a madzi, analavula mapini n'kufunsa mwaulemu ngati sitima ina ikubweranso kapena angathe kuwoloka.

Chigamulo chinaperekedwa pomwepo. Galu akhala. Apongozi aziimba wenzulo wawo wachitsulo uja nthawi iliyonse imene a Makiyi akutuluka, ndipo iwo azituluka katatu patsiku: seveni koloko, thwelofu koloko ndi folo koloko. Anatiuza kuti tizikonzeratu za m'mimba mwathu mogwirizana ndi nthawi zimenezo. Mahinjesi analetsa kuthira mafuta.

Panatsala nkhani ya miluzu ina ija. Ndinabwerera kwa adokotala a ziweto kukachotsetsa ulusi pabala la Wachiwiri, n'kuwafotokozera zonse. Anaseka mpaka anavula magalasi. Kenako anandiuza chinthu chosavuta: buledi azibwera pokhapokha walira wenzulo wa apongozi kapena chitseko. Zikalira zina, palibe buledi, palibe chipewa, palibe womuyang'ana. Chovuta sichinali galu. Chovuta chinali kuletsa dzanja la apongozi kupita m'thumba. Ndinachita kusoka matumba a jekete lawo, buledi n'kumasunga ine. Zinatenga miyezi iwiri. Lero ketulo ikalira Wachiwiri amangotukula khutu, n'kuyang'ana apongozi. Apongozi amati, "Si yathu imeneyo, ndi ya njanji ina," onse awiri n'kupitiriza kugona.

Amayi ena kusikelo anandifunsa ngati kuthena galu kumasintha khalidwe, poti wawo amakwera pabedi. Ndinawauza zimene ndinaona ndi maso anga. Mpeni unachotsa za kutsidya kwa msika zija, ndipo khutu lake silinang'ambikenso. Koma zimene galu wakhala akulandirira buledi kwa zaka zinayi, mpeni suzipeza. Ndinawauza kuti ayambe afufuza amene amamuitanira pabedipo iwo akachoka. Anapeza kuti ndi amuna awo.

Mwezi watha a Makiyi anapita kukaona mwana wawo kwa sabata imodzi. Anasiya lamulo lakuti nthawi zisasinthe, kuopa kuti galu angaiwale. Ndiye tinatulutsanso wilibala. Tsiku loyamba, folo koloko itakwana, ndikumukweza Phokoso, apongozi anabwera pafupi, wenzulo uli m'manja, akukanda kuseri kwa khutu.

"Amake Phokoso, kodi mmenemo malo alipo?"

"Bambo, nanga mukakwera atseka ndani?"

"Pano ndili ndi wachiwiri."

Ndinayala bulangete. Amuna anga anawathandiza kukhala, miyendo ili lendelende kutsogolo, mdzukulu wawo ali pamiyendo. Anaimba wenzulo ali m'katimo. Wachiwiri anathamanga n'kutseka. Amuna anga anakankha, ndipo ulendo uno chukuchuku wawo analibe manyazi. Mbali ino kunali a Telala ndi kachidebe kawo, mbali inayo mayi wa thaulo ndi mtolo wa zovala pamutu, onse akudikira kuti nkhalamba idutse pa wilibala.

Atafika kumpanda sanatsike msanga. Anakhala momwemo, akuyang'ana m'mbuyo mmene tinadzera, mtunda wa masitepe khumi ndi awiri.

"Kani zimaoneka chonchi," anatero. "Koma anthu oimitsidwawa, nkhope zawo zimakhala zokwiya chonchi nthawi zonse?"

"Nthawi zonse, achikulire!" anakuwa a Telala, akuthamangira kuchimbudzi.

Sutikesi ija inabwerera pansi pa bedi. Pano ndimasungiramo zovala zimene Phokoso zamuchepera.